Anankafumbwe a Mwandida

Fungo lija ndinalimva ndisanatule n'komwe dengu la mbande pamutu. Linkachokera kumunsi kwa munda, kumene kuli shedi ya mathanki, ndipo mphepo ya kumtsinje inkalikankhira ku geti. Wina akanangoti ndi mankhwala basi. Ine ndinadziwa kuti ndi mankhwala ati, a m'botolo liti, chifukwa ndinakulira m'fungo limenelo kuseri kwa nyumba yathu ku Nangongwe, padimba la tomato la atate. Komanso m'mawa umenewo potuluka m'nyumba ndinali nditaona kuti msomali umene amakolekapo sipuleya yawo uli wokhawokha.

Ndinaika dengu pansi.

Atate anga, a Lastone Nkhuwa, anabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ali mnyamata, nagwira ntchito pafakitale ya feteleza mpaka imvi mbuu. Itafika nthawi yogulitsa makampani ija, anawagwira chanza n'kuwauza kuti akapume. Anabwera kunyumba, nakhala pampando pakhonde, ndipo mvula inagwa, inatha, inagwanso iwo ali pomwepo. Sankadwala, koma ankatha ife tikuona. Ineyo Christine sindikanawathandiza, poti nanenso fakitale ya nsalu inali itandilavula. Amene anawadzutsa pampando paja ndi mng'ono wanga Mwandida.

Mwandida ndiye anaphunzira pakhomo pathu. Anapita ku Lusaka kukawerenga za zomera, chinthu chimene ine ndinkachiseka, poti kwathu zomera timazidziwa osalipira fizi. Bungwe lina losamalira zachilengedwe litatenga bwalo lakale la kalabu ya antchito kuti likhale munda wa zomera, linamulemba iye ntchito. Anajambula mundawo yekha papepala. Anabzala mlombwa, msikidzi, mchenja ndi masuku, mtengo uliwonse ndi kachikwangwani kake ngati wodwala kuchipatala. Tinjira take tinali tokhotakhota ngakhale pamene panalibe chozemba, ndipo udzu wina ankaletsa kutchetcha, ati mbalame zizibisalamo. Anthu a ku Kafue Estates ankabwera Lamlungu kudzajambulitsa zithunzi. Ine anandipezera kamalo pageti kogulitsira mbande, ndipo atate anawapemphera ntchito yosamalira mitengo kumtunda kwa munda.

Atate anawongoka. Anayambanso kumeta ndevu, kusita ovololo, kukalipira ana a aneba. Tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti ntchito imeneyo ndi imene inkawasunga ndi moyo, ndipo kuti kuchotsedwa kachiwiri sakanakupirira.

Koma panali vuto limene tinkaliponda tsiku lililonse osaliyang'ana. Mwandida anali bwana wa atate ake omubala. Mwana wamkazi woleredwa bwino angawauze bwanji atate ake kuti ichi chitani, ichi musachite? Sankatha. Antchito ena ankawalamula bwinobwino, koma akaona atate akubwera ndi wilibala ankakhotera njira ina. Akafuna kuwaletsa chinthu ankangoti, "Batate, uko musavutike, nizaonako neka." Kunyumba nkhani za kumunda sizinkakambidwa n'komwe, chifukwa atate zinkawachititsa manyazi.

M'shedi muja munali ntchito yaikulu ya Mwandida. Zaka zimenezo mtsinje unali utatsekeka ndi namasupuni, udzu woyandama uja wa maluwa okongola. Pamlatho madzi sankaoneka, asodzi ankakankha mabwato ngati akulima. Bungwe lija linaitanitsa pandeke tizilombo tonga anankafumbwe timene timadya namasupuni yekha basi, ndipo Mwandida ankatiweta m'mathanki kuti tichuluke, akatithire mumtsinje. Anayamba ndi tochepa tokwana m'kabokosi. Ankatiwerenga, kutisuzumira, kutidera nkhawa kukazizira, mwakuti ndinkamunena kuti ena akubereka ana iye akubereka anankafumbwe. Tsiku limenelo ndilo linali lakuti alendo a bungwe, amene ankapereka thandizo, abwere kudzaona tizilomboto tikupita kumtsinje.

Ndinathamangira kushedi. Chitseko chake cha neti chinali pululu, waya amene ankamangira ali lendee, poti loko anaonongeka kalekale ndipo manejala ankangoti mawa. Mwandida anali ataima pathanki yoyamba, manja ali m'madzi mpaka m'zigongono. Ankakanula tsinde lililonse n'kuyang'ana m'kati. Pamwamba pa madzi tizilombo tinali yandaa, miyendo m'mwamba, ngati mapira otayika. Masamba onse ankanyezimira ndi mankhwala.

"Chosa manja mu manzi, iwe," ndinatero. "Ni poizoni iyo."

Sanandimve. Anapita pathanki yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza. Wopoperayo sanali waulesi. Anapopera pamwamba ndi pansi pa tsamba lililonse, mmene munthu wodziwa ntchito amachitira.

"Tafa tonse, ba Christine," anatero, mawu ali ngati a munthu wina. "Kulibe olo kamozi."

"Mwandi, sipuleya ya batate kulibe pa nsomali."

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti ankadziwa kale. Nayenso anakulira kuseri kwa nyumba yomweyo.

Sitinathe kunena china, chifukwa manejala, a Davison Hamoonga, analowa atavala suti yawo ya maukwati, mlonda ali pambuyo. Anali munthu woti akakwiya khosi limatupa kuposa kolala. Anayang'ana m'thanki, nayang'ana wotchi, nayang'ananso m'thanki.

"Nindani?" anakuwa. "Nindani wanipaya ine lelo?"

Mwandida ankapukuta manja pasiketi mobwerezabwereza.

A Hamoonga sanafune kufufuza, anali nalo kale dzina. Panali wantchito wina, Luckson, bambo wa ana atatu, mlaliki wa tchalitchi cha Pentekosite chimene chinkapemphera m'kalasi ku Nangongwe. Luckson pakamwa sankatseka. Anali atanenapo poyera, pamaso pa manejala, kuti kuweta tizilombo ndi kuitana miliri ya ku Iguputo, ndipo kuti tikamaliza namasupuni tidzalowa m'minda ya chimanga. Zinali zabodza, Mwandida anamufotokozera kangapo, koma iye ankakonda mawu ake. Mlonda anakamutenga kumene ankathirira maluwa, nabwera naye atamugwira lamba.

"Ine?" anatero Luckson. "Bwana, nakamba chabe, zoona nakamba, koma kupopera? Nilibe na sipuleya ine!"

"Uzakambira ku polisi," anatero a Hamoonga. "Wamvera? Ivi vintu vinabwera na ndeke, uziba? Uzagona mu selo mpaka ukalambe."

Anamukhazika pansi pakhomo la shedi, namuvula nsapato monga amachitira ndi wakuba. A Hamoonga anathamangira kuofesi kukaimba foni.

Ndinamukokera Mwandida kuseri kwa mathanki.

"Usakambe," ndinamunong'oneza. "Wamvera? Usakambe chilichonse."

"Manje ba Luckson?"

"Bazabasiya. Kulibe umboni. Bazagona masiku yabili, bazachoka."

"Na nchito yao? Na bana bao?"

"Na batate bako?"

Ndinali nditakwiya, ndipo sindibisa. Ndinkakwiyira manejala ndi loko wake, ndinkakwiyira azungu otumiza tizilombo pandeke anthu akugona ndi njala, ndinkakwiyira Luckson ndi pakamwa pake. Koma makamaka ndinkakwiyira Mwandida, amene ankatha kufotokozera gulu lonse la ana asukulu mmene kachilombo kamaikira mazira, n'kulephera kuuza atate ake mawu awiri okha. Ndinamukumbutsa mpando wa pakhonde uja. Ndinamuuza kuti chibale ndi fupa, sichiola, ndipo kuti akatsegula pakamwa akhala wawakumbira manda ndi manja ake. Iye maso ake anali pa Luckson, amene tsopano anali atatseka maso akupemphera mokweza, zala za kumapazi zikukanda dothi.

Ndinaganiza zowapeza atate msanga ndi kuwatumiza kunyumba zinthu zisanafike poipa. Ndinawapeza kumtunda, pafupi ndi mitengo ya masuku, akutsuka burashi. Miyala yonse ya m'mbali mwa njira anali ataipaka laimu, mbee, monga ankachitira kufakitale nduna ikamabwera. Anali atavala ovololo yawo yakale yosita bwino, ya dzina la kampani kumsana. Sipuleya inali itatsamira pamtengo, yotsukatsuka. Nkhope yawo inali yowala moti mtima wanga unapweteka.

"Wabwera bwino," anatero. Anatsitsa mawu ngati mwana wobisa switi. "Mng'ono wako waona ku mathanki?"

"Batate, tiyeni ku nyumba. Bamai bakufunani."

"Amako adikire. Alendo akubwera, ine ndichoke? Iwe, mbewu zija zinali zomvetsa chisoni. Masamba onse mabowo okhaokha, anankafumbwe ali nyakanyaka, ndipo anyamata onsewa akungodutsa osaona. Mwana uja ntchito yamuchulukira. Ndinati alendo asadzamuseke kuti akulephera kusamala ngakhale udzu wa m'thanki."

"Simunamvere kuti baweta tudoyo?" ndinafunsa, ndikunena tizilombo tija.

"Ndinamva. Aja a ku labu, a m'mabotolo, ali ku ofesi. Ine ndikunena anankafumbwe enieni, awa otha chimanga."

Pamenepo ndinasowa mtengo wogwira. Munthu amene moyo wake wonse anapanga chakudya cha mbewu, amene tsamba lobooka linkamupweteka ngati bala, akanaganiza bwanji kuti pali anthu amene amaweta mbewu kuti idyedwe? Ndinawagwira dzanja kuti ndiwakokere kukageti ka kumbuyo. Anandichotsa dzanjalo pang'onopang'ono, nandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ndili mwana ndikanama.

Ndiye kunamveka kulira kwa Luckson kuchokera kumunsi. Atate anatchera khutu, nanyamula sipuleya kumsana, nayamba kutsetsereka. Ndinawatsatira ndikuwachonderera, koma zinali ngati ndikulankhula ndi mtengo.

Titafika tinapeza galimoto ya bungwe itaima pakhomo la shedi, injini ikulira. Apolisi anali atanena kuti alibe mafuta, wolakwayo amubweretse okha. Antchito onse anali atasonkhana. Mlonda ndi dalaivala ankamukweza Luckson kumbuyo, iye atagwira chitsulo cha galimoto, akutchula maina a ana ake mmodzimmodzi. Kugeti kunali kutayamba kumveka mahutala. Alendo anali atafika, ndipo panalibe wowatsegulira.

Atate anaima kumbuyo kwa gulu, ine ndinaima kutsogolo kwawo kuti ndibise sipuleya ija ndi thupi langa. Palibe amene anatembenuka. Galimoto ikanangonyamuka, ndikanawatulutsa, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Ndinkapemphera kuti inyamuke. Mwandida yekha ndi amene anationa.

"Imani," anatero.

Dalaivala sanamve, kapena anamva koma sanasamale.

"Nakamba imani!"

Anthu anapatuka. Mwandida anayenda pakati pawo, nandidutsa ine osandiyang'ana, nafika pamene panaima atate. Anagwada pansi, m'matope a madzi a m'mathanki, ndi siketi yake yatsopano imene anasokera tsikulo. Anaomba m'manja kawiri mwaulemu.

"Batate, ndimwe munapopera mu mathanki?"

"Ndine," anatero atate, mokweza kuti manejala amve. "Ndi mankhwala anga, sindinatenge a kampani. Nanga mnyamatayu walakwa chiyani?"

Ngakhale Luckson anasiya kulira.

"Batate," anatero Mwandida, akadali chogwada, "tuja tudoyo ndiye twamene tinali kuweta. Tunabwera na ndeke. Uja udzu tinaubyala kuti tuzidya. Lelo tinali kufuna kutupeleka ku mumana, tukadye udzu wamene wavala manzi. Ndiye nchito yanga yonse, batate. Ndiye yamene balendo babwerera."

Atate anayang'ana mwana wawo, nayang'ana shedi. Analowa okha, sipuleya ili kumsana, naweramira thanki yoyamba. Anatola kachilombo kamodzi, nakaika pachikhatho, nakatembenuza ndi chala. Potuluka anali atakalamba, ndikunena zoona, anali atakalamba kuposa tsiku limene anabwera kuchokera kufakitale.

"Bwanji sunandiuze?" anafunsa. Sanakweze mawu.

Mwandida anaweramitsa mutu. Misozi inkangotsika.

A Hamoonga anali atavula jekete, malaya atanyowa kumsana. Mahutala kugeti sankaleka. Ndikanakonda kunena kuti anali munthu woipa, koma anali munthu wamantha chabe, amene nayenso ankaopa kukakhala pampando wa pakhonde pake. Analamula kuti Luckson amutsitse ndi kumubwezera nsapato. Kenako anatembenukira kwa Mwandida.

"Ku polisi sitizayenda, ni bakulu aba. Koma balendo bazafunsa, na ine nifunika yanko. Uyu muntu ali pansi pa imwe, ndimwe munamuleta. Kapena achoke yeve lelo, kapena nibauze kuti ku shedi kulibe wamene ayang'anira, bavale pulojekiti, tonse tiyende ku nyumba. Sankani manje manje."

Antchito onse anamuyang'ana Mwandida. Ena mwa iwo anali anzawo a atate a kufakitale, ena anali amayi amasiye, ndipo aliyense anali ndi pakamwa pomudikira kunyumba. Ine ndinkamuyang'ananso, ndikupukusa mutu. Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero akuluakulu, koma sanenapo kuti nkhonya ina imachokera m'nyumba mwako momwe.

Mwandida anadzuka. Matope ankatsika m'maondo mwake. Anapukuta nkhope ndi kuseri kwa dzanja, naimirira mowongoka pamaso pa atate, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita chibadwire.

"Ba Nkhuwa," anatero, "nchito yasila. Musiye mabuti na burashi ku sitolo. Mailo musabwere."

Atate anagwedeza mutu kamodzi, kuvomera kuti ntchito yawathera. Anakhala pamwala umodzi wa imene anaipaka laimu, navula mabuti a kampani, nawaika pamodzi bwinobwino. Anadzuka laimu atawadetsa kumbuyo kwa ovololo, nanyamuka osavala nsapato kulowera kukageti ka kumbuyo. Luckson anawathamangira ndi nsapato zake m'manja kuti awabwereke, koma anakana.

Za alendo ndilibe zambiri zonena. Analowa, anaona mathanki, analankhula Chingerezi chapansipansi, anajambula mitengo. Mwandida anawayendetsa munda wonse ndi matope m'maondo, akutchula maina a zomera osaphonya ngakhale limodzi. Pomaliza anati aganizira zotumiza tizilombo tina. Ine sindinagulitse mbande ngakhale imodzi, ndipo mng'ono wanga sindinamulankhule tsiku lonse. Ndinkamuda, ndipo nthawi yomweyo ndinkamumvera chisoni moti chakudya chinandikanika.

Madzulo dzuwa likulowa anabwera ku Nangongwe. Sanapite kunyumba kwake ku Estates kukasintha, anatsika minibasi ndi siketi yomwe ija. Ine ndinali pakhomo ndikutsuka mbale, amayi ali m'khitchini akunamizira kutanganidwa. Atate anali pakhonde, atasamba, atavala malaya oyera, manja ali pamaondo.

Mwandida anaima pansi pa sitepe. Anayamba kupinda maondo kuti agwade monga mwa masiku onse, koma atate anafulumira. Anaimirira, navula chipewa, napukuta mpando wawo ndi dzanja, naukankhira kwa iye. Iwo anatsika n'kukhala pansi pasimenti.

"Khalani apa, ba Madamu," anatero mwaulemu wonse. "Mwayenda bwanji?"